Kodi Baji Ingayeze Chikhulupiriro?

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timauzidwa kawirikawiri kuti chimene waphunzitsa uzichiyeza. Masamu ali ndi mayeso ake, Chingerezi chili ndi ake, ndipo a MANEB amadikira mwana pa Sitandade 8, pa Fomu 2 ndi pa Fomu 4. Nanga chikhulupiriro timachiyeza bwanji? Mipingo yambiri inayesa kuyankha funsoli ndi kansalu kapena kachitsulo kovala pachifuwa. Ife tili ndi mabaji a Pathfinder. Akatolika nawo ali ndi mphoto zawo za ana a skauti, ndipo kayendetsedwe kake kandiganizitsa zambiri za kalabu zathu.

Gulu la skauti linayamba mu 1907 pamene Robert Baden-Powell anatengera anyamata kumsasa pachilumba cha Brownsea ku England. Skauti amalonjeza kuchita udindo wake kwa Mulungu, koma gululi silisankhira mwana chipembedzo. N'chifukwa chake ku America mpingo uliwonse umakonza wokha maphunziro ndi mphoto yake, ndipo akuluakulu a skauti amangolola kuti mwana aivale pa yunifolomu. Kwa Akatolika, ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la National Catholic Committee on Scouting.

Mphotozi zimatsata msinkhu. Ana a zaka 6 ndi 7 amayamba ndi Light of Christ, ndipo amaphunzira pamodzi ndi makolo awo. Okulirapo pang'ono amatenga Parvuli Dei, kutanthauza ana a Mulungu. Yotchuka kwambiri ndi Ad Altare Dei, imene dzina lake la Chilatini linachokera pa Salmo 43:4. Inayambira ku Los Angeles ngati mphoto ya anyamata otumikira ku guwa, inavomerezedwa mu 1939, ndipo lero imatsata masakramenti 7 a mpingowo. Achinyamata a zaka 15 kupita mtsogolo amatenga ya Pope Pius XII, imene imawafunsa za moyo umene akufuna kusankha: banja, unsembe, umbeta kapena ntchito.

Pa chiphunzitso timasiyana nawo, ndipo sindikupempha kuti titengere zimene amaphunzitsa. Chimene chandikopa ndi njira yake. Mwana wofuna Ad Altare Dei amayenda miyezi ingapo ndi mlangizi wovomerezedwa ndi dayosizi. Amawerenga, amakambirana ndi anzake, amagwira ntchito zothandiza ena. Akamaliza amakhala pamaso pa akuluakulu ena, osati mlangizi wake yekha, n'kufotokoza zimene wamva ndi mmene zikukhudzira moyo wake. Akatero m'pamene amalandira mendulo, nthawi zambiri kuchokera m'manja mwa bishopu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine ndinakulira kwa Chowe, kum'mawa kwa boma la Mangochi, m'njira yokwera mapiri kupita ku Namwera. Kwathuko anthu ambiri ndi Ayao ndiponso Asilamu, Akhristu tili apo ndi apo. Akatolika si alendo m'bomali: ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda mu 1889, ndipo Mangochi inakhala dayosizi mu 1973. Kupulayimale tinkakhala pansi pamodzi, kugawana pensulo imodzi. Tikaweruka anzanga ambiri ankathamangira kumadarasa, anzanga Achikatolika anali ndi tsiku lawo la Tilitonse, ine ndinkadikira Sabata masana kuti ndivale sikafu yachikasu. Aliyense wa ife anali ndi munthu wamkulu amene ankamufunsa mafunso n'kudikira yankho. Mnzanga wina Mkatolika anadikira nthawi yaitali asanaloledwe kulandira Ulimbitso, ndipo atalandira ankatha kundiuza chifukwa chake. Mnzanga Msilamu akalakwitsa polakatula, ashehe ankamubweza kuti ayambirenso mawa. Palibe amene ankapatsidwa chinthu chifukwa choti tsiku la mwambo layandikira.

Ife a Adventist tili ndi cholowa chabwino pa nkhani imeneyi. Mabaji a luso anayamba mu 1928, ndipo General Conference inavomereza kalabu za Pathfinder mu 1950. Makalasi athu 6, kuyambira Friend mpaka Guide, anakonzedwa kuti mwana wa zaka 10 mpaka 15 azitenga kalasi imodzi pachaka. Chaka chathunthu! Amene anakonza zimenezi ankadziwa kuti mwana sakula ndi sabata imodzi.

Koma zimene ndaona m'kalabu zina n'zosiyana. Miyezi yambiri imathera pa kuguba ndi kuimba ng'oma. Tsiku la investiture likatsala milungu iwiri, makadi amatuluka m'katoni, ana amakopera mayankho kwa anzawo pansi pa mtengo wa mango, mlangizi amasayina mizere yonse tsiku limodzi. Pa tsikulo makolo amalulutira, zithunzi zimayenda pa WhatsApp. Ndinafunsapo mtsikana wina wa lamba wodzaza mabaji chifukwa chimene timasungira Sabata, iye anangoseka n'kuyang'ana pansi. Sindimuimba mlandu. Palibe amene anakhala naye pansi. Pakalabu yomweyo panali mwana wa msodzi amene ankadziwa mfundo za zingwe kuposa tonsefe, ndipo nkhani ya Danieli ankaifotokoza mokoma m'Chiyao, koma tsiku la mwambo anaima kumbuyo chifukwa ndalama ya yunifolomu inasowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye kodi baji ingayeze chikhulupiriro? Ine ndikuti ayi. Mtima wa mwana amauona ndi Mulungu yekha, ndipo ngakhale bishopu wopereka mendulo sangalumbire kuti mwanayo adzakhala wokhulupirika mpaka kukalamba. Chimene baji ingachitire umboni ndi ichi: panali munthu wamkulu amene anayenda ndi mwanayu miyezi yambiri, anamva mafunso ake, ndipo wina anatsimikiza kuti ulendowo unachitikadi. Baji ikapanda umboni umenewu imaphunzitsa mwana phunziro loopsa, lakuti zinthu za Mulungu zimatheka ndi siginecha. Mwana wotero akadzakula sadzaona chachilendo kugula satifiketi.

Pali zinthu zitatu zimene kalabu iliyonse ingachite popanda kuononga tambala. Choyamba, tichepetse mabaji. Atatu odziwika bwino aposa 20 ongosokerera. Chachiwiri, wophunzitsa asakhale yekha woyesa. Pa mayeso a boma mphunzitsi sachonga mapepala a ana ake omwe. Nafenso tingapemphe mkulu wa mpingo ndi mayi mmodzi wa Dorika kuti akhale pansi ndi mwana aliyense, amufunse mwachikondi, ndipo mwanayo ayankhe m'chilankhulo chimene amapempherera, kaya Chichewa kaya Chiyao. Chachitatu, kalasi iliyonse ithere pa ntchito yooneka: kutungira madzi agogo, kukaona odwala, kudzala mitengo m'mapiri amene makala akuwameta. Ndipo mwana amene wamaliza zonse avekedwe baji yake ngakhale pa malaya akunyumba.

Anzanga amene tikukonzekera kukagwira choko, ambiri a ife tikatumizidwa kumidzi tidzapatsidwanso kalabu, chifukwa mpingo ukaona mphunzitsi umaona Master Guide. Tsiku lina abusa adzatiuza kuti mwambo uli pafupi ndipo mipingo ina yabweretsa kale maina. Khadi la mwana lidzakhala patebulo, cholembera chili m'manja. Ngati mwanayo sanamalize, tiyeni tidzalimbe mtima kumuuza kuti, "Mwanawe, tiye tipitirize, udzavala chaka chamawa," kenako tidzapezekedi Sabata lotsatira kuti tipitirize naye.