Tayala Limodzi Limaimitsa Munda Wonse

Pafupifupi tirigu yense amene amalimidwa muno m'Zambia saona mvula ai. Amafesedwa m'miyezi ya April ndi May mvula itatha, nakololedwa mu September ndi October mvula ina isanagwe. Madzi onse amene amamwa amapatsidwa ndi munthu. Cifukwa cace aliyense woyenda ku Mkushi, ku Chisamba, ku Mpongwe kapena ku Mazabuka m'nyengo yozizira amaona minda yozungulira ngati licero, yobiriwira pakati pa chire louma. Makina othirira minda imeneyi amachedwa pivoti. Ine ndawayang'anira zaka zambiri pa famu ina ya m'boma la Mkushi, ndipo ndifuna kunenapo za ciwalo cace cimene ambiri sacilabadira, ndico tayala.

Pivoti inayambira ku America. Mlimi wina wa ku Colorado, dzina lace Frank Zybach, ndiye anaipanga, ndipo boma la kumeneko linavomereza luso lace mu 1952. Mu 1954 Robert Daugherty wa kampani ya Valley ku Nebraska anagula ufulu woipanga ndi kuigulitsa. Kapangidwe kace nkotere: paipi yaitali, kawirikawiri ya mamita 400, imanyamulidwa ndi nsanja 7 kapena 8, ndipo nsanja iliyonse ili ndi mota, magiya ndi matayala awiri. Paipi yotere imathirira mahekitala 50, ndipo nsanja yakumapeto imayenda makilomita awiri ndi theka pa kuzungulira kumodzi. Nsanja zonse ziyenera kuyendera pamzere umodzi. Imodzi ikatsalira m'mbuyo, makina amazima okha kuti paipi isapindike. Motero tayala limodzi mwa 16 likaphwa, munda wonse umakhala ndi ludzu.

Tayala la mpweya lili ndi ubwino wace, ndipo sindilinyoza. Mtengo wace ndi wotsikirapo, limapezeka msanga m'masitolo, ndiponso mnyamata aliyense wodziwa kumata chubu ca thirakita angathe kulikonza. Mpweya umacititsa kuti likhale lofewa, kotero kuti likaponda mwala kapena mzere wolimba limagonja pang'ono, ndipo magiya savutika kwambiri. Koma tayala la pivoti silitha ndi ulendo monga la galimoto. Limatha ndi dzuwa. Limaima panja caka conse, mphira wace numang'aluka m'mbali pamene mano ace akali atsopano. Ziputu za cimanga ndi za soya zimalibaya, ndipo mpweya umacoka pang'onopang'ono popanda wouona, pakuti tirigu akakula amabisa tayala lonse.

Amene sanasinthepo tayala pakati pa munda wothirira sadziwa kulemera kwa nchitoyi. Galimoto singalowe popanda kupondereza mbeu. Anyamata amasenza jeke, matabwa ndi tayala lina pamapewa, akuyenda m'matope ofika m'mawondo, ndipo jekeyo amamira asananyamule nsanja, pakuti paipi yodzala madzi imalemera koposa. Nchito imene pamseu ingathe m'kanthawi kocepa imadya theka la tsiku. Tsono ngati tayala linaphwa usiku, makina nakhala akulikoka, limavuka pacitsulo cace, ndipo nthawi zina magiya amathyoka. Pamene tirigu akumasula ngala ndi kukhwimitsa maso, masiku awiri opanda madzi amaonekera pa sikelo. Mu 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi anali kubwera maola owerengeka patsiku, tinaona kuti tayala lophwa pa nthawi imene magetsi abwera limataya madzi a tsiku lonse.

Ici ndico cinacititsa opanga makina kuganiza za matayala osafuna mpweya. Alipo a mitundu ingapo. Ena ndi a pulasitiki yolimba, monga ochedwa RhinoGator. Ena ali ndi mkombero wacitsulo ndi lamba wa mphira pamwamba, monga NFTrax a kampani ya Lindsay. Alimi ena amangodzaza tayala wamba ndi thovu louma m'malo mwa mpweya. Onsewa sabooka, saphwa, ndipo safuna kupimidwa. Koma mtengo wace wogulira ndi wokwera, ndipo popeza acokera kunja, cina cikathyoka mlimi amadikira kuti cibwere. Olimba kwambiri alibe kufewa kwa mpweya, motero kugunda kulikonse kumapita ku magiya, ndipo ena amaterera pa mtunda wonyowa.

Pali vuto lina limene mitundu yonse iwiri ilibe mankhwala ace okwanira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tayala la pivoti limaponda njira imodzimodziyo nyengo yonse, ndipo limaiponda ili yonyowa. Pa dothi la makande njirayo imasanduka ngalande yakuya, nsanja nititimira, kaya tayala lace lili ndi mpweya kaya lilibe. Cothandiza apa ndi kuika timipopi totaya madzi kumbuyo kwa tayala, kusankha tayala lalitali kapena lotambalala loyenera dothilo, ndi kukwirira ngalandezo mutakolola. Wogulitsa akakuuzani kuti tayala lace lathetsa matope, mufunseni akuonetseni munda wa dothi longa lanu kumene layenda nyengo yathunthu.

Maganizo anga tsono ndi awa. Mlimi asayerekeze mitengo ya m'sitolo yokha, koma awerenge ndi masiku amene makina adzaima, ndi thukuta la anchito ace. Amene ali pafupi ndi tauni, ali ndi dothi lopanda ziputu zambiri, ndipo ali ndi munthu wokhulupirika wopima mpweya nyengo isanayambe ndi mkati mwace, tayala la mpweya limukwanira. Koma amene ali kutali, kapena ali ndi mapivoti ambiri ndi anthu ocepa, adzapindula ndi losafuna mpweya. Sikofunika kusintha onse nthawi imodzi. Yambani ndi nsanja imene imakuvutitsani caka ndi caka, musinthe matayala ace onse awiri kuti akhale olingana msinkhu, ndipo muone m'mene iyendere kufikira kukolola.

Inu alimi anzanga, tirigu asanafesedwe ndiyo nthawi yoyendera nsanja imodziimodzi, kupima mpweya, ndi kuyang'ana ming'alu m'mbali mwa tayala lililonse munda ukali poyera. Tirigu akamera, tayala lija simudzalionanso kufikira tsiku limene lidzaimitsa madzi.