Ampulifaya ya Agogo ndi Kawaya Kanga

M'chipinda cha agogo anga aamuna ku Ntcheu, kuseri kwa matumba a chimanga, mudali chibokosi chimene adzukulu tonse tidakula tikuchiona koma osachimvapo chikulira. Agogo aakazi ankaikapo nyali ndi mabotolo a mankhwala. Kutsogolo kwake kudali nsalu ya mizere yopingasa ngati ukonde, ndipo pamwamba pake padali zilembo zitatu zonyezimira: VOX. Imeneyi ndi ampulifaya ya gitala, ndipo ndikufuna kukuuzani, anzanga, momwe ndidatsalira pang'ono kuipha ndi kawaya kosakwana n'komwe utali wa chala.

Agogo adapita ku Bulawayo m'chaka cha 1964 kukagwira ntchito ya njanji, monga ankachitira amuna ambiri a kwathu masiku amenewo. Loweruka likafika ankaimba gitala ndi anzawo m'maholo a ku Makokoba. Mu 1969 adagula ampulifayi kwa munthu wina amene gulu lake loimba lidatha. Dzina lake lonse ndi Vox AC30. Idayamba kupangidwa mu 1959 ku Dartford, m'dziko la England, ndi kampani ya Tom Jennings, ndipo katswiri amene adaikonza ndi Dick Denney. Magulu otchuka monga The Shadows ndi The Beatles ankaimbira mtundu womwewu. Mphamvu yake ndi mawati 30, ili ndi masipika awiri a mainchesi 12, ndipo imalemera makilogalamu opitirira 30. Agogo adabwerera nayo kumudzi mu 1981, atasiya mipando ndi kabati kuti iyo ipeze malo. Idalira komaliza mu 1994 pa ukwati wa amayi anga aakulu, ndipo kuchokera pamenepo idagona zaka 30.

Pa tchuthi cha mu Ogasiti 2024 ndidali nditangomaliza Folomu 3. Tidali titaphunzira za magetsi m'kalasi, ndidakhoza bwino mayeso ake, komanso zala zanga zidali zitayamba kuzolowera gitala. Kunena zoona ndinkadziona ngati injiniya. Tsiku lina agogo atapita kumaliro, ndidakokera chibokosicho pabalaza, ndidachipukuta fumbi, n'kulowetsa pulagi mu soketi. Nditayatsa padamveka kaphokoso kakang'ono, kenaka zii. Ndidatsegula pamene pamakhala fiyuzi ndipo ndidapeza kagalasi kake kada ndi utsi. Apa ndidachita zimene ndidaonapo anthu ambiri akuchita ndi mapulagi a ayironi: ndidasenda chingwe chakale, ndidatengako kawaya, n'kukakulunga pa fiyuzi yopsayo.

Nditayatsanso, timababu tagalasi ta kumbuyo tidayamba kufiira, ndipo mtima wanga udadumpha ndi chimwemwe. Koma posakhalitsa masipika adayamba kubuula ngati ng'ombe yodwala. M'kati mwa babu limodzi mudang'anima moto woyera ngati mphezi, ndipo m'nyumba monse mudadzaza fungo la vanishi wopsa. Ndidazula pulagi manja akunjenjemera, ndidabwezera chibokosicho pamalo pake, n'kuikaponso nyali ndi mabotolo aja monga momwe zidalili. Madzulo agogo aakazi adafunsa kuti, "Kodi m'nyumba muno mwaotcha chiyani?" Ine ndidangoyang'ana m'mbale.

Masiku awiri adapita ndisadaulule. Tsiku lachitatu ndidapeza agogo aamuna ali pakhonde, ndidagwada pambali pawo n'kunena zonse. Sadakalipe. Adakhala chete nthawi yaitali akusisita zala zawo, zimene masiku ano zimawawawa kukazizira. Kenaka adati, "Ndinkafuna ndidzaimve kamodzi ndisanafe. Kabwereke wilibala, upite nayo kwa amalume ako." Ndikadakonda akadandimenya.

Amalume anga ali ndi kashopu kumsika komwe amakonza mawailesi, ma TV ndi mafoni. Ntchitoyi adaiphunzira kwa mmisiri wachikulire amene adayamba nthawi ya mawailesi a mababu. Atamasula chitsulo chimene zipangizo zonse zimamangidwapo, ndidatambasula dzanja kuti ndiloze pamene padapsa. Adandimenya dzanjalo. "Mphwanga, ukufuna kufa? Chotsa chala chako!" Adandifotokozera kuti m'kati mwa ampulifaya yotere mumayenda mavolti opitirira 300, ndipo zipangizo zotchedwa makapasita zimatha kusunga mphamvu imeneyi ngakhale pulagi itazulidwa kalekale. Adatenga rezisita yomangirira ku mawaya awiri n'kukhetsa mphamvuyo pang'onopang'ono, akuyang'ana pa mita mpaka idafika pa ziro. Ndidaonanso kuti akamayeza chinthu choyaka amagwiritsa dzanja limodzi, linalo lili m'thumba, kuti magetsi akawagwira asadutse pamtima.

Atamasula fiyuzi adapeza kawaya kanga. Adakanyamula m'mwamba kuti anthu onse odikira mafoni awo akaone. "Fiyuzi ikapsa imakhala yakuuza kuti m'katimu muli matenda," adatero. "Iwe m'malo mofunsa matendawo wamutseka pakamwa wodwala." Mayi wina wogulitsa tomato pafupi adaseka n'kunena kuti safunsa adadya phula.

Masana amenewo ndidaphunzira zimene m'buku la kusukulu mudalibe. Timababu tija dzina lake ndi mavalavu, ndipo ntchito yake si kuwala. M'kati mwa galasi adachotsamo mpweya wonse. Muli kachitsulo kamene kakatenthedwa kamatulutsa maelekitironi, ndipo maelekitironiwo amathamangira ku chitsulo china chimene chili ndi mavolti ambiri. John Ambrose Fleming ndiye adapanga valavu yoyamba mu 1904. Mu 1906 Lee de Forest adaikapo kawaya kachitatu konga sefa, ndipo kamphamvu kochepa kakafika pa sefayo kamalamulira mphamvu yaikulu yodutsa m'valavumo. Ndi mmene kunjenjemera kwa nsambo ya gitala kumakulira mpaka kudzaza holo. Mu AC30 mavalavu ang'onoang'ono, ambiri a iwo otchedwa ECC83, amalandira mawu a gitala n'kuwakuza koyamba. Anayi otchedwa EL84 ndiwo amakankha masipika. Limodzi lalikulupo, GZ34, limawongola magetsi a m'nyumba, amene amapita uku ndi uku, kuti aziyenda njira imodzi. Mphezi ija ndidaiona mu limeneli.

Tsono chidachitika n'chiyani? Makapasita akuluakulu amene amasalaza magetsi ali ndi mankhwala onyowa m'kati. Zaka zikamapita mankhwalawo amauma, ndipo kapasita yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito imafooka kwambiri. Ine nditayatsa mwadzidzidzi patatha zaka 30, imodzi idaboola m'kati n'kusanduka njira yachidule ya magetsi. Fiyuzi idachita ntchito yake, idapsa kuti zina zonse zipulumuke. Kawaya kanga kadalola kuti mphamvu yonse idutse mu GZ34 mpaka valavuyo idafa, ndipo thiransifoma idatentha mpaka vanishi wake kununkha. Amalume adanena mosabisa kuti makapasita amagulidwa, mavalavu amapezeka, koma ngati thiransifoma yapsa ndiye kuti nkhani yatha, chifukwa mtengo woitanitsira ina kunja banja lathu silikadaukwanitsa.

Kuti tidziwe, padafunika babu wamba la mawati 100, lija lakale la kawaya koyaka m'kati. Mababu a LED amene adzaza m'misika sagwira ntchito imeneyi, ndipo ndidayenda tsiku lathunthu ndisadalipeze m'khola la nkhuku la mnansi wathu, momwe linkafunditsa anapiye. Amalume adalilumikiza pakati pa soketi ndi ampulifaya, kuti magetsi onse olowa ayambe adutsa m'babumo. Ngati m'kati muli njira yachidule, babu limawala kwambiri n'kudzitengera mphamvuyo, ndipo palibe chimapsa. Ngati zonse zili bwino limangofiira pang'ono. Adazula mavalavu onse, adaika fiyuzi yatsopano ya mlingo wake, n'kundiuza kuti ndiyatse ndine. Sindidapume. Babu lidaphethira kamodzi n'kuzirala, osawalanso. Mita idaonetsa mavolti otenthetsera mavalavu ali m'malo mwake, ndipo mbali ziwiri za waya wa mphamvu yaikulu zidali zofanana. Tidaisiya choncho ola lathunthu ndipo thiransifoma sidatenthe. Amalume adangoti, "Wapulumuka."

Sabata yotsatira ndidakhala pambali pawo ndikuwapatsira zida. Adachotsa makapasita onse a mankhwala n'kuika atsopano. Adayeza marezisita limodzilimodzi, ndipo adasintha okhawo amene adasochera kutali ndi mlingo wake, makamaka oyandikana ndi ma EL84, chifukwa mu AC30 mavalavu amenewa amatentha koopsa. Adatsuka timabowo tolowetsamo miyendo ya mavalavu. Chimene adasintha mwadala pa kapangidwe kake ndi chingwe chokha: adachotsa chakale chong'ambika n'kuika cha mawaya atatu, wachitatuyo womangidwa zolimba ku chitsulo cha ampulifaya, kuti chinthu chikalakwika magetsi apite pansi osati m'nsambo za gitala. Adandichenjezanso kuti ndisadzayatse masipika ali osalumikiza, chifukwa thiransifoma yachiwiri, imene imapereka mawu ku masipika, ikhoza kupsa.

Mnyamata wina wokonza mafoni pafupi adatiuza kuti tikutaya nthawi. Iye adati tichotse zonse za m'katimo, tiikemo kabolodi ka Bluetooth, bokosi lizilira lero lomwe. Amalume adamuyankha kuti zimenezo n'chimodzimodzi kupha mbuzi kuti ukhale ndi chikopa. Oimba amafunafuna maampulifaya akalewa chifukwa cha mmene mavalavu amachitira ukawakankha: mawu saduka mwadzidzidzi, amanenepa pang'onopang'ono molingana ndi mphamvu ya dzanja la woimba.

Padatsala nkhani ya GZ34. Pagalasi la yakufayo padalembedwa kuti Mullard, ndipo amalume adati idapangidwa ku Blackburn, ku England, pa fakitale imene idasiya kupanga mavalavu kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Akatswiri amati ma GZ34 a kumeneko ndi ena mwa olimba koposa. Ija idapirira maholo a ku Makokoba, ulendo wobwerera kumudzi ndi zaka 30 za fumbi, koma mphindi imodzi ya ine idailephera. Njira zidalipo ziwiri. Yoyamba idali kuika madayodi awiri, tizipangizo totchipa timene amalume adali nato m'kabotolo. Ambiri amachita zimenezi ndipo ampulifaya imalira. Koma madayodi amakweza mavolti kuposa valavu, amawatulutsa nthawi yomweyo mavalavu ena asadatenthe, pamene GZ34 imadzuka pang'onopang'ono, komanso mawu amaumako. Yachiwiri idali kuitanitsa valavu yatsopano. Mavalavu amapangidwabe m'mafakitale owerengeka, monga ya JJ Electronic ku Slovakia ndi ina ku Saratov m'dziko la Russia, koma m'sitolo za kwathu simungawapeze.

Tidapita kukafunsa mwini wake. Ine ndinkafunitsitsa madayodi, chifukwa sukulu idali pafupi kutsegulidwa ndipo ndinkafuna mlandu wanga uthe. Agogo adamvetsera zonse, kenaka adafunsa amalume kuti, "Ndi madayodiwo idzalira monga inkalirira?" Amalume adati, "Pafupifupi, bambo, koma osati ndendende." Agogo adati, "Yadikira zaka 30. Idikire." Adaonjeza kuti ndalama yogulira valavuyo ichokere kwa amene adaipha.

Masiku otsala a tchuthi ndidagwira ganyu youmba njerwa, ndipo ndalama ya m'thumba ya teremu imeneyo ndidaipereka yonse. Msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adaigula kumeneko, adaikulunga m'masokosi awiri, n'kuipatsira munthu wobwera pa basi. Teremu yonse ndinkaganiza za zala za agogo ndi mawu awo aja a pakhonde. Ndikamva kuti kwabwera uthenga wochokera kumudzi mtima unkagunda, kuopa kuti mwina ndachedwa.

Pa 23 Disembala tidainyamulanso pa wilibala kubwerera nayo kunyumba. Amalume adayamba ayatsira kudzera m'babu la anapiye lija, kenaka adalumikiza ku soketi. Tidadikira mavalavu atenthe. Kubuula kuja kudalibe, padali kampweya kochepa chabe kochokera m'masipika. Agogo adatenga gitala imene tidabwereka, adaichuna nthawi yaitali, n'kukhudza nsambo imodzi. Mawu ake adali owala ngati belu, ndipo mbale za m'kabati zidanjenjemera. Adaimba nyimbo ziwiri zokha, zala zikuphonya apa ndi apo, agogo aakazi ataima pakhomo la kukhitchini ndi mthiko m'manja. Atatha adandipatsa gitalayo n'kunena kuti, "Imba iwe tsopano, koma uyambe wafunsa pozimitsira."

Valavu yakufa ija sadaitaye. Ili pawindo la chipinda chawo, ndipo kawaya kanga adakakulunga m'khosi mwake. Ampulifaya idachoka kuseri kwa matumba, ili pabalaza, ndipo amaiyatsa kamodzi pamwezi kuti makapasita asafookenso. M'thumba la kumbuyo kwake muli mafiyuzi asanu a mlingo woyenera amene ndidagula ndi ndalama yotsala ya njerwa. Mpaka lero palibe ndi imodzi yomwe imene yapsa, koma tsiku limene idzapse ndidzazula pulagi n'kupita kukabwereka wilibala.