Ba be bi bo bu si kuwerenga

Ana a Sitandade 1 kwathu ku Chezi amaimba ba be bi bo bu mokoma, mpaka odutsa mumsewu wa Salima amamva. Koma tamutengerani pambali mwana mmodzi, mumulozere "bo" yekha. Mudzaona akucheukira anzake. Analoweza nyimbo, zilembo sanazidziwe.

Chichewa sichovuta kulemba, pakuti mawu ambiri timawalemba momwe timawatchulira. Mwana akadziwa liwu la m ndi la a, "ma" amaphatikiza yekha. Ndizo zomwe pulogalamu yowerenga ya boma, imene inayamba mu 2016, imafuna: maliwu kaye, kenako maphatikizo, kenako mawu.

Pofunika kufatsa ndi pa h ndi pa nkhodolero. Phala si pala. Ng'oma ya gule si ngoma ya m'tchire. Apa mphunzitsi ayenera kumva mwana aliyense akutchula payekha. Nanga m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo angathe bwanji? Aphunzitsi sindiwada ayi.

Tchuthi chino ine ndikhala pakhonde ndi mng'ono wanga, khala kumanja, katoni pamwendo. Tiyambira pa dzina lake.