Mbalagha ya pa Sangilo yandigwira mtima

Ife a ku Ntcheu ndi Dedza nthochi timaiwerengera ikapsa. Timadyera panjira, timatonthozera mwana, ikapsetsa timakanda n'kukazinga zitumbuwa. Anzathu a ku Karonga saidikira kuti ifike pamenepo. Amadula mkoko ukadali wobiriwira, nthochi zili gwa, n'kuziphika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe mumphika umodzi, ndipo chotuluka m'menemo ndiye mbalagha. Ine ndinailawa koyamba pa Sangilo, ndipo kuyambira tsikulo njala ya masana ikandigwira, maganizo amathamangira komweko.

Sangilo ali m'mbali mwa nyanja, kummwera kwa boma la Karonga, pa msewu wa M1. Mukatsika chitunda cha Chiweta kuchokera ku Mzuzu mumadutsa pa Chitimba, pomwe pamapatukira msewu wokhotakhota wokwera ku Livingstonia, kenako mwafika, musanakafike pa Uliwa ndi ku doko la Chilumba kumene sitima ya Ilala imakocheza. Ndinapitako pa ntchito. Dzuwa lili paliwombo, mnzanga wa komweko anandilowetsa m'kanyumba kodyera ka m'mphepete mwa msewu, ka mabenchi awiri ndi ndowa ya madzi osamba m'manja pakhomo. Mayi wophika anatilonjera m'Chitumbuka, koma atamva kayankhidwe kanga anasintha.

"Adada, ndinu alendo eti? Kondowole ilipo, mpunga ulipo, koma mbalagha ndangophula kumene. Ndikuikireni?"

"Ikani, amama," anandiyankhira mnzanga uja.

Mbale inabwera ikufuka nthunzi. Munali nthochi zina zathunthu, zina zoduka pakati, zonse zitafiirira ndi tomato, zitamira mumsuzi wogwirana bwino, ndipo pamwamba panali nthuli ziwiri ndi fupa. Ndinadula nthochi imodzi ndi supuni, inagonja mosavuta koma osaphwanyika. Kutsekemera kwa nthochi yakupsa munalibemo ngakhale pang'ono. M'kamwa inkamveka ngati mbatata ya kachewere yophika, koma yolemera kuposa pamenepo, ndipo nyama inali italowerera mpaka pakatikati. Ndinatswanyira kambuzi m'mbali mwa mbale, thukuta linayamba kutsika, koma supuni sindinaiike pansi mpaka fupa lija nditalipsopsona. Nditalipira ndinabwezeredwa ndalama zambiri kuposa zomwe ndimayembekeza, ndipo mpaka dzuwa kulowa sindinafunenso kanthu kena koika kukamwa.

Kwathu timati munthu amene sanadye nsima wagona ndi njala. Mbalagha ndi nsima ndi ndiwo zomwe m'mbale imodzi, ndipo mimba imavomereza popanda kufunsa kuti nsima ili kuti.

M'mawa wina ndinalawirira kuti ndikaone kaphikidwe kake, ndipo amama aja anandipatsa kampando pafupi ndi mafuwa. Nyama inali kale pamoto, ya m'mafupa yokhala ndi mafuta pang'ono, ikuwira ndi mchere wokha. Iwo anayamba adzola mafuta ophikira m'manja, chifukwa nthochi yosapsa ili ndi utomoni womata umene umadetsa zala ndipo ukadonthera pa chitenje sumachoka. Khungu lake silisendeka ndi manja ayi. Amadula nsonga zonse ziwiri, kung'amba ndi mpeni kuchokera kumwamba mpaka pansi, n'kukanganula ndi chala chachikulu, ndipo nthochi iliyonse ikasendedwa imagwera m'beseni la madzi kuti isade. Nyama itafewa anaika anyezi ndi tomato, kenako anasanja nthochi pamwamba n'kuvundikira. Chimene ndinachita nacho chidwi kwambiri n'chakuti mthiko sanaugwiritse ntchito kwenikweni. Ankangogwira mphika m'makutu ndi kansanza n'kuugwedeza pang'ono. Nthochi zapansi zimasungunuka m'mbali, ndipo ndi zimenezo zomwe zimagwiranitsa msuzi popanda kuthiramo ufa kapena nsinjiro.

Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake mbaleyi siboola m'thumba. Moto ndi umodzi, mphika umodzi, palibe za ufa ndi kuchigayo. Nyama yochepa imakometsa mphika wonse, moti amene wapeza nthuli imodzi wadya nyama m'supuni iliyonse. Tchipisi cha pachiwaya chimamwa mafuta ambiri, ndipo tonse tikudziwa mmene mtengo wa mafuta ophikira wakhala ukukwerera. Mbalagha imadalira mafuta a nyama yomweyo. N'chifukwa chake pa benchi paja ndinkakhala ndi anyamata a kabaza, asodzi ogona masana atachezera panyanja, aphunzitsi, ndi madalaivala a mathiraki opita ku Songwe.

Eni ake a chakudyachi ndi Angonde a kumpoto kwa boma la Karonga, anthu a Kyungu, pamodzi ndi abale awo Anyakyusa a kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ku Kyela ndi Rungwe m'dziko la Tanzania. Kumeneko nyumba zimabisala m'nthochi, ndipo khola la ng'ombe silikhala patali: ndowe zimapita m'mapando a nthochi, mkaka umasanduka chambiko, nyama ikapezeka imakumana ndi nthochi mumphika. Cha ku Kaporo kuli migwalangwa ya mafuta, ndipo ena amathira mu mbalagha mafuta ake ofiira, a mawese, amene ndikufunitsitsa kudzalawa. Sangilo ndi dera la Atumbuka, kumene chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi kondowole ya chinangwa ndi nsomba, komanso mpunga wochokera m'masikimu a Hara ndi Wovwe, koma mbalagha anailandira ndi manja awiri. Achibale ake ali ponseponse kum'mawa kwa Africa. Ku Tanzania m'malo odyera mumapeza ndizi nyama, ndipo ku Uganda matooke amawaphika ndi nthunzi atawakulunga m'masamba a nthochi.

Chikundidetsa nkhawa ndi nthochi zenizenizo. Matenda a chisaka, amene anayamba kuoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, anafalikira m'maboma ambiri ndipo anapulula minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay. Amayenda ndi tinsabwe ta nthochi komanso ndi ana a nthochi ozulidwa m'munda wodwala. Mtengo ukagwidwa umapinimbira, masamba amathinana pamwamba n'kuima chilili, ndipo subereka mkoko wooneka. Mankhwala ake palibe; alangizi amati zulani phando lonse n'kudzala mbewu yopanda matenda. Lero nthochi zambiri za m'misika ya ku Mzuzu ndi Lilongwe zimalowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania, ndipo magalimoto ozinyamula amadutsa pakhomo penipeni pa kanyumba kaja. Nthochi ikachokera kutali, mtengo wa dizilo umalowa m'mbale, ndipo woyamba kuumva ndi mnyamata wa kabaza uja. Zimandiwawa kuganiza kuti chakudya chokoma chotere chingasanduke cha opeza bwino okha.

Nditabwerera kwathu ndinakafunsa alangizi a zaulimi za mbewu yabwino ya nthochi zophika, ndipo ndadzala kuseri kwa khola, kumene ndowe sizisowa. Kuno kumtunda kumazizira, choncho mkoko woyamba ndiudikira kupitirira chaka. Pakadali pano ndimapita kumsika m'mamawa n'kupempha ogulitsa kuti andisankhire zobiriwira asanazivundike, ndipo kubutchala ndimaitanitsa nyama ya m'mafupa. Ana kunyumba ayamba kale kulimbirana nthochi zapansi pa mphika, zosungunuka zija.