Nyumba ya pa Kanjala

Ndinagula nyumba m'mbali mwa phiri la Kanjala mu 2018, patangopita caka cimodzi Chipata italengezedwa kukhala mzinda. Ndinali nditakhala pa lendi ku Kapata zaka 11, ndipo kugogoda kwa alandilodi kunali kutanditopetsa. Tsiku lokaiona nyumbayo, ndinaima pakhonde n'kuona tauni yonse ili m'munsi: malata, mizikiti, ndi mseu wopita ku Mwami. Za madzi sindinafunse.

Mu Okutobala pompi imangotulutsa mphepo. Mvula ikagwa, mseu umasanduka ngalande, ndipo anyamata a njinga amanditsitsira patsinde pa phiri, amvekere, "Tathera pano, bosi." Zonsezi ndinazizolowera.

Zimene zimandisowetsa tulo ndi za amai. Cipinda ca kum'mawa ndinakonzera iwo. Anabwera kamodzi kucokera ku Katete, napumula katatu pacitunda, manja ali pamaondo. Atafika pakhonde anayang'ana tauni nthawi yaitali.

"Mwana wanga, pano m'pabwino," anatero, "koma ndikadwala usiku, adzanditsitsa ndani?"

Patatha sabata anabwerera kumudzi. Loni ndikali kubweza, kwatsala zaka zinai. M'cipinda cao ndimasungiramo zigubu za madzi.