Maluŵa Osafota

Amayi anzanga, mwezi wa Okutobala dziko likauma ndi pamene maukwati amachuluka, koma maluŵa okongoletsera tchalitchi ndi gome la akwati amasoŵa. Apulasitiki ndi okwera mtengo, ndipo fumbi likaŵagwera amachititsa manyazi. Nchifukwa chake ine ndimalima duŵa lotchedwa statice m'dimba langa ku Tsangano.

Duŵali kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo kuzizira kwa kuno kumapiri kumaliyanja. Mbewu zake ndimafesa panazale mu Epulo, mvula ikamatha, nkuzikwirira ndi dothi pang'ono chabe. Zimamera pasanathe masabata aŵiri. Pakatha masabata 6 ndimaokera mbande m'mizere, motalikirana masentimita 30. Madzi ochuluka amaoletsa mizu, choncho ndimasankha pamchenga poomba dzuŵa, kumtunda kwa kabichi.

Chinsinsi chagona pokolola. Kaduŵa koyera kam'kati kamathothoka, koma chikho chake chapepo, chachikasu kapena chapinki, chokhala ngati pepala, sichifota. Ndimadula m'maŵa mame atauma, kumanga timitolo, nkutipachika chozondotsa kudenga, mumdima modutsa mphepo, kwa masabata aŵiri. Dzuŵa limasulutsa mtundu wake, utsi wa kukhitchini umaudetsa.

Mtolo umodzi umakongoletsa nyumba chaka chathunthu. Ina ndinakongoletsera ukwati wa mwana wanga wamkazi, ina ndimagulitsa pa Lizulu nkupezako ya sopo ndi makope a ana. Fesaniko mzere umodzi, amayi, kuti tsiku la mwana wanu lisadzakupezeni chimanjamanja.