Mawu ndi awo, dzina n'la wina

Inu amene mumadzuka pampando akangoika Destiny's Child pa maphwando athu kunja kuno, tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, tikaone amene analambula njirayo.

Mu 1961, The Shirelles, atsikana anayi amene anadziwana kusekondale ku Passaic, New Jersey, anafika pa nambala 1 ya Billboard ndi Will You Love Me Tomorrow. Chaka chomwecho The Marvelettes anapatsa Motown nambala 1 yake yoyamba pa tchati chimenechi ndi Please Mr. Postman. The Beatles, omwe anthu amawatama ngati anagwa kumwamba, anaiimbanso nyimboyi mu 1963. Anaphunzira kwa atsikana akudawa, osabisa.

Koma imene imandisowetsa tulo ndi ya He's a Rebel. Mu 1962 Phil Spector anaitulutsa m'dzina la The Crystals, n'kufika pa nambala 1. Chonsecho The Crystals sanaponde n'komwe mu situdiyo. Anaimba ndi Darlene Love ndi anzake a The Blossoms, ku Los Angeles. Tangoganizani. Gulu lina likukakamizika kuimba pa siteji nyimbo ya mawu a eni, pomwe mwini mawu akudzimva pa wayilesi akutchulidwa dzina la wina. Patapita zaka, mayiyu ankakolopa m'nyumba za anthu kuti apeze ya ndiwo. Ine pano ndili mkati mwa kafukufuku wa digiri yachiwiri, ndipo ndaona mmene anthu ophunzira amatukwanizirana pa nkhani ya dzina la ndani likhale poyamba papepala. Nanga mtsikana wa zaka 21 akanalimbana bwanji ndi mwini kampani?

Za The Supremes mukuzidziwa, nyimbo 12 pa nambala 1. Zimene sitikamba n'zakuti Florence Ballard, amene anasankha dzina la gululo, anachotsedwa mu 1967 ndipo anamwalira mu 1976 ali ndi zaka 32, atadutsa mu umphawi ku Detroit komweko.

Mwina mukuti izo n'zakale. Ayi ndithu. TLC, mu 1995, chimbale chawo CrazySexyCool chikugulidwa mamiliyoni, anapita kukhoti kukalengeza kuti ngongole zawapitirira msinkhu. Kontirakiti yake inali yotero.

Darlene Love anadzalowa mu Rock and Roll Hall of Fame mu 2011, m'dzina lake lenileni. Panali patapita zaka 49 chiimbireni nyimbo ija.